Kalata inati ndi mwana wojomba: lipoti la nkhani yoyamba ya wophunzira ntchito yosamalira anthu

Ndine woyang'anira ophunzira omwe amabwera pa ofesi yathu kudzaphunzira ntchito yosamalira anthu. Nkhaniyi anaigwira ndi mtsikana yemwe kanali koyamba kutuluka m'kalasi n'kukumana ndi mabanja, ine ndikumuyang'anira. Mayina ndawasiya, ndipo tina ndi tina ndasintha kuti banjali lisadziwike. Ndaisankha chifukwa m'nkhani imodzi yomweyi wophunzirayo anagwira ntchito ndi mwana, banja, sukulu ndi chipatala, ndipo paliponse anayenera kudzifunsa kuti amene akufunika thandizo ndani, amene akufunika kusintha ndani. Generalist practice, njira yomwe wogwira ntchito mmodzi amathandiza munthu, banja ndi mabungwe owazungulira, imayambira pa funso limenelo. Amene dzina lake lili pa kalata nthawi zambiri si amene ali gwero la vuto.

Kalata ndi kaundula

Kalata inachokera kusukulu ya pulayimale. Mnyamata wa zaka 13 ankajomba, akabwera ankagona m'kalasi, ndipo sabata imeneyo anali atamenya mnzake mpaka kumutulutsa magazi m'mphuno. Mphunzitsi wamkulu anamaliza ndi pempho lakuti mwanayu alangizidwe, ndipo ngati makolo alephera, apezeredwe malo osungirako ana.

Wophunzira wanga anabwera ndi dongosolo lolembedwa bwino: kukambirana ndi mnyamatayo za khalidwe, kupangana naye pangano lolemba, kuitana makolo. Linali dongosolo loyankha kalata. Koma kalata yotumiza munthu imafotokoza chimene chikusautsa wolembayo. Ahedi akusautsidwa ndi kujomba ndi ndewu, ndipo ali ndi chifukwa. Chimene chikusautsa mwanayo kalatayo sinanene, chifukwa panalibe yemwe anali atamufunsa.

Ndinamupempha wophunzirayo kuti asanaonane ndi aliyense akaone kaundula woitanira mayina, kuyambira chaka chapitacho. Anabwera ndi zinthu zitatu. Chaka chapitacho mnyamatayo sankajomba, ndipo mayeso ankakhoza. Kujombako kunayamba mwadzidzidzi, pakati pa teremu. Ndipo kunali kwa magulumagulu: masiku awiri kapena atatu otsatizana, kenako masabata angapo osajomba, kenako masiku ena otsatizana. Mwana amene watopa ndi sukulu kapena watengeka ndi anzake kawirikawiri amachita kutsetsereka pang'onopang'ono, ndipo amakonda kuthawa masiku omwewomwewo. Uyu ankaoneka ngati wogwidwa ndi chinachake chomwe chimabwera n'kupita. Mary Richmond anatsindika kale mu 1917 kuti wogwira ntchitoyi asonkhanitse umboni kuchokera mbali zingapo asanatchule vuto. Ophunzira amaloweza zimenezi pokonzekera mayeso, koma amazimvetsa tsiku lomwe kaundula watsutsana ndi kalata.

Kukumana ndi mnyamatayo

Tinagwirizana kuti asakumane naye mu ofesi ya ahedi, chifukwa kwa mwana chipinda chimenecho ndi cholandiriramo chilango. Anakhala naye panja, poonekera koma pomwe ena sakanamva. Anayamba ndi kudzifotokoza, kuti iye si mphunzitsi kapena wapolisi, kuti ndi wophunzira ndipo zomwe amve adzakambirana ndi womuyang'anira, kuti azisunga chinsinsi pokhapokha atamva kuti wina ali pangozi, ndiponso kuti pa ofesipa akhalapo kwa miyezi yowerengeka chabe. Mawu omalizawa ophunzira ambiri amawadumpha, poopa kuti mwana sawakhulupirira. Mwana amene wauzidwa poyamba kuti mudzachoka sadzaona kuchoka kwanuko ngati kumuthawa.

Mnyamatayo anayankha mwaulemu koma mwachidule. Chifukwa chojombera: "Palibe." Chifukwa chomenyera mnzake: "Ananena zoipa." Wophunzirayo sanakakamize. Anasiya mafunso a chifukwa n'kumupempha kuti afotokoze tsiku lake, kuyambira podzuka. Apa zinayamba kutuluka. Amadzuka kusanache, amasonkha moto yekha, amasambitsa mlongo wake wa zaka 6, amaphika asanapite kusukulu. Atafunsidwa kuti amayi amakhala akutani nthawi imeneyo, anati, "Amayi safika pamoto." Anatero ngati akunena lamulo. Pomaliza anafunsa funso lake lokhalo: "Mukapita kwathu, zomwe mukaone mudzawauza aphunzitsi?"

Wophunzirayo anamuyankha kuti sadzauza sukulu kanthu asanakambirane ndi iye komanso amayi ake. Ndinakondwera kuti sanalonjeze zoposa pamenepo. Lonjezo lakuti "sindidzauza aliyense" limatsekula pakamwa msanga, koma limadzathyoka pa nthawi yoipitsitsa.

Kunyumba

Mayiyo anali wa zaka za m'ma 30, ndi ana atatu: mnyamatayo, mtsikana wa zaka 6 ndi wina wa zaka 2. Bambo wa anawo anachoka kalekale ndipo ankatumiza thandizo mwa apo ndi apo. Nyumba inali yosesedwa, ana ovala bwino. Pamkono wa mayiyo panali chipsera chachikulu cha moto. Ulendo woyamba anati zonse zili bwino ndipo mwanayo amukalipira. Wophunzirayo sanafunse za chipseracho, anangopempha kudzabweranso.

Ulendo wotsatira anatenga pepala lalikulu n'kupempha mayiyo kuti amuthandize kujambula banja lawo, chomwe timati genogram. Ubwino wa chida chimenechi ndi wakuti maso onse amakhala papepala, ndipo munthu amalankhula za iye mwini akuoneka ngati akufotokoza za ena. Atafika pa mng'ono wawo, mayiyo anati, "Ameneyu anasiya kubwera. Amaopa kuti ndipatsira ana ake." Wophunzirayo anafunsa mofatsa, "Kuwapatsira chiyani, mayi?" Mayiyo anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Ndimagwa."

Anali ndi khunyu kuyambira ali mtsikana. Kwa zaka zambiri ankamwa phenobarbital ndipo ankagwa mwa kamodzikamodzi. Zinthu zinasokonekera chaka chomwe mnyamatayo anayamba kujomba. Kangapo anapita kuchipatala n'kupeza mankhwala atha. Ulendowo unali wautali ndipo ankaopa kuyenda yekha, kuopa kugwera panjira mwana ali kumsana. Anayamba kugawa mapiritsi pakati kuti akhalitse, kenako kumwa pokhapokha akamva kuti zikubwera. Kugwako kunachuluka, makamaka usiku ndi m'bandakucha. Tsiku lina anagwera pamoto akuphika, ndipo amene anamukoka anali mnyamatayo. Mwezi umenewo ndi womwe kaundula ankasonyeza kuyamba kwa kujomba.

Zotsalazo zinadzifotokoza zokha. Mnyamatayo ankagona mokhalira tcheru, kumvetsera kupuma kwa amayi ake, ndiye m'kalasi tulo tinkamugwira. Amayi akagwa ankakhala ofooka ndi osokonezeka tsiku lonse kapena kuposa, ndipo iye ankatsala kuti asamalire ang'ono ake. Mnzake amene anamenyedwa uja anali atagona pansi pabwalo la sukulu n'kumadzigwedeza, kutengera mayiyo, anzawo akuseka.

Wophunzirayo anajambulanso ecomap, chida chomwe Ann Hartman anachipanga m'zaka za m'ma 1970: banja pakati, anthu ndi mabungwe mozungulira, mizere yosonyeza komwe kumachokera mphamvu ndi komwe kwaduka. Mzere wokhuthala unali umodzi wokha, wopita kwa mayi wina wachikulire woyandikana nawo nyumba. Wa mng'ono wawo unali woduka, wa kuchipatala wofooka, wa kusukulu wa mikangano, ndipo kumapemphero anasiya kupita atagwera komweko. Papepalapo zinaoneka poyera kuti katundu yense amene anthu angapo akanagawana anali pamutu pa mwana wa zaka 13.

Tikuthandiza ndani, ndipo ana ali otetezeka?

Wophunzirayo anabwera ku zokambirana zathu ali ndi mantha, ndipo mantha ake anali ndi maziko. Mayi amene amagwa mosayembekezereka akubereka mwana wa zaka 2, akumusambitsa, akukhala pafupi ndi moto ndi madzi. Anandifunsa ngati tisalembe kuti ana akunyalanyazidwa, n'kupempha kuti ang'onoang'ono awiriwo achotsedwe kaye.

Ndinamupatsa mafunso omwe Allen Pincus ndi Anne Minahan anawayala mu 1973, pamene ankafuna kusonyeza chomwe chimafanana pa ntchito yonseyi, kaya ndi ya munthu mmodzi, gulu kapena dera. Amene wavomera kuthandizidwa ndipo apindule ndani? Amene ayenera kusintha kuti phindulo lioneke ndani? Amene tigwire nawo ntchito ndani? Kalata inaika mnyamatayo pa mayankho awiri oyambawo. Wophunzirayo atalemba yekha, anapeza kuti othandizidwa ndi ana atatuwo ndi mayi awo, pamene oyenera kusintha ndi kamwedwe ka mankhwala, mantha a mng'ono wa mayiyo uja, ndi mmene sukulu inkaonera mwanayo. Pa mnyamatayo panalibe chambiri choti chisinthe. Akanalangizidwa za khalidwe, akanamva kuti kusamalira amayi ake ndi mlandu.

Za kuchotsa ana tinazikambirana nthawi yaitali, ndipo sindinafune kuti angomvera ine. Tinaika mbali ziwiri. Chiopsezo chinali chenicheni ndipo chikanatha kupha: moto, madzi, kugwa ndi mwana kumsana. Koma chinali ndi gwero lodziwika komanso lochizika. Bungwe la World Health Organization limati anthu pafupifupi 50 miliyoni padziko lonse ali ndi khunyu, ndipo mpaka 70 mwa 100 alionse angathe kukhala osagwa atapimidwa bwino n'kulandira mankhwala oyenera. Mayiyu anali kale umboni wa zimenezo kwa zaka zambiri. Panalibe nkhanza, panalibe kuledzera, ana ankadya ndipo ankamukonda. Pangano la United Nations la ufulu wa ana la mu 1989 limati mwana asalekanitsidwe ndi makolo ake pokhapokha zitakhala zofunika pa ubwino wa mwanayo, ndipo limatinso maganizo a mwana amvedwe pa nkhani zomukhudza. Malangizo a United Nations a mu 2009 okhudza ana oleredwa kunja kwa banja lawo amawonjezera kuti umphawi pawokha usakhale chifukwa chochotsera mwana, koma chizindikiro chakuti banja likufunika thandizo. Kuchotsa anawo kukanatsimikiziranso chimene banjali linkaopa kuyambira pachiyambi, kuti ukaulula matenda akulanda ana, ndipo mayiyo sakanatiuzanso zoona.

Tinasankha kuti ana akhale, koma ndi pulani ya chitetezo yoyamba sabata yomweyo, isanadikire china chilichonse. Mayiyo asaphike kapena kusambitsa mwana ali yekha. Mwana wamng'ono asamabelekedwe kumsana, azisinthidwa ndi kudyetsedwa pansi. Mayi woyandikana nawo uja, atavomera, azisuzumira m'mawa ndi madzulo. Tinalembanso zomwe zingatichititse kusintha maganizo: mwana akavulala, mayiyo akakana kupita kuchipatala, kapena pakasowa wamkulu wina aliyense wolowererapo. Zimenezi wophunzirayo anawawerengera mayiwo maso ndi maso. Chigamulo chosiya ana pamalo pomwe pali chiopsezo chiyenera kukhala ndi malire olembedwa, ndipo banja liwadziwe, kuti tsiku lina lisadzadzidzimuke.

Chinsinsi ndi sukulu

Mayiyo anakanitsitsa kuti sukulu idziwe za khunyu. Wophunzirayo ankaona kuti ahedi atadziwa, chilango chingachotsedwe tsiku lomwelo, ndipo zinkamupweteka kusunga chinthu chomwe chikanamasula mwanayo. Koma matendawo ndi a mayiyo, ndipo iye ndiye ankadziwa mtengo wa kudziwika. Funso lomwe tinadzifunsa linali lakuti sukulu ikufunika kudziwa zingati kuti ichite choyenera. Sinkafunika dzina la matenda. Mayiyo ndi mwana wake anavomereza mawu awa: kunyumba kuli wodwala, mnyamatayu ndiye wakhala akusamalira, ndipo ofesi yathu ikuthandiza kuti ntchitoyo ichoke pa iye. Zinakwanira. Ahedi anasiya za malo osungirako ana, ndipo mphunzitsi wa kalasi anavomera kumupatsa ntchito yomwe anaphonya. Za ndewu zinaweruzidwa monga mwa malamulo a sukulu, ndipo ife sitinapemphe kuti zikhululukidwe, tinangopempha kuti mnzake uja nayenso afunsidwe zomwe anachita. Patapita nthawi mayiyo mwini anasankha kuuza mphunzitsi wa kalasiyo.

Chipatala ndi msonkhano wa banja

Wophunzirayo anaperekeza mayiyo kuchipatala. Ntchito yake kumeneko inali yochepa koma yofunika: kuthandiza mayiyo kunena zoona za kugawa mapiritsi, zomwe ankachita nazo manyazi, ndi kupereka kalendala yomwe banjali linayamba kulembapo masiku ogwa. Ndinamuchenjeza kuti asanene kanthu za mlingo kapena mtundu wa mankhwala, ngakhale atawerenga zotani. Pali zambiri zomwe wachipatala amayeza zomwe ife sitiziona. Mankhwala a khunyu a phenobarbital ndi carbamazepine amafooketsa mphamvu ya njira zina zolera, monga mapiritsi ndi zoika pamkono. Ena otchedwa sodium valproate angathe kuvulaza mwana wosabadwa. Kwa mayi wa msinkhu wobereka zimenezi si zazing'ono. Ife timafunika kuzidziwa kuti tikumbutse munthu kufunsa, osati kuti timuyankhe. Adokotala anaunikanso mankhwala ake, anakambirana naye za kulera, ndipo anavomera kumupatsa a nthawi yotalikirapo akakhalapo, kuti maulendo achepe.

Msonkhano wa banja unali wovuta kuukonza kuposa kuuchititsa. Mng'ono wa mayiyo anakana poyamba. Wophunzirayo anapita kukamuona payekha, ndi chilolezo cha mkulu wake, ndipo sanayambe ndi kumutsutsa. Anamufunsa chomwe amaopa. Ankaopa malovu, mbale, ndi kukhudza munthu akugwa. Pamsonkhanopo tinapempha namwino kuti afotokoze, chifukwa mawu omwewo amalemera mosiyana malinga ndi wowanena. Namwinoyo anati khunyu ndi vuto la mu ubongo ndipo silipatsirana mwa njira iliyonse. Anasonyezanso chochita munthu akagwa: kuchotsa zomwe zingamuvulaze, kuika chofewa kumutu, kumugoneka chammbali kugwedezeka kukachepa, osamupanikiza, osamuika kanthu m'kamwa, osamumwetsa madzi asanatsitsimuke bwino, ndipo kugwako kukafika mphindi 5 kapena kukabwerezabwereza asanadzuke, kuthamangira naye kuchipatala. Mnyamatayo anaulula pomwepo kuti wakhala akuika supuni m'kamwa mwa amayi ake poopa kuti ameza lilime. Namwinoyo sanamudzudzule, anangomuuza kuti lilime silimezeka ndipo supuni ingathyole mano.

Mng'onoyo sanatembenuke tsiku lomwelo, ndipo sitinayembekeze zimenezo. Anavomera zinthu ziwiri: kugona kwa mkulu wake masiku ena pa sabata, ndi kumuperekeza kukatenga mankhwala. Tinatsata njira ya William Reid ndi Laura Epstein ya mu 1972, ya mavuto ochepa osankhidwa ndi eni ake, ntchito zing'onozing'ono zokhala ndi mwini ndi tsiku, ndi nthawi yokhala ndi mapeto. Aliyense anachoka ndi chochita chake, kuphatikizapo wophunzirayo.

Pomwe pulani inakhota

Kugwa kunachepa kwambiri. Amayi aang'ono ankabwera monga anapangana. Koma kaundula sanasinthe monga tinkayembekezera. Mnyamatayo ankatsalabe kunyumba masiku ena, ngakhale masiku omwe amayi ake sanagwe komanso wamkulu alipo. Wophunzirayo anakhumudwa, ndipo kwa kanthawi anayamba kuganiza kuti mwina ahedi ankanena zoona.

Ndinamupempha kuti akamufunse mnyamatayo mmene akuionera pulaniyo, popeza pamsonkhano uja ankalankhula kwambiri ndi akuluakulu. Yankho lake ndilo linatembenuza nkhani yonse. Anati, "Amayi aang'ono amagona tulo tofa nato. Samva." Kenako anawonjezera, "Panopa aliyense akungoti ndipite kusukulu, ngati palibe chomwe ndimachita."

Apa pali chinthu chomwe anzanga pa ntchitoyi ayenera kuchiyang'anitsitsa akakumana ndi ana osamalira odwala. Timaona katundu n'kuthamangira kumutula, ndipo n'zoyenera. Koma mwanayu anakoka amayi ake pamoto. Kwa chaka chathunthu iye ndiye ankadziwa zizindikiro, kuti amayi akayamba kuyang'ana kumodzi n'kumatafuna pakamwa popanda kanthu ndiye kuti zayandikira. Udindo umenewo unali womulemera, komanso ndi umene unkamupatsa ulemu m'nyumbamo ndi mphamvu pa mantha ake. Kumuuza kuti zisiye, akulu abwera, kunali kumulanda zonse ziwiri nthawi imodzi, iye asanaone umboni wakuti akuluwo angakwanitse.

Wophunzirayo anasintha njira. Anapempha mnyamatayo kuti aphunzitse amayi ake aang'ono zizindikiro zija, iye monga wodziwa. Anamusiyira ntchito imodzi yooneka ndi yokhala ndi malire: kuchonga pa kalendala madzulo aliwonse amayi akamwa mankhwala. Usiku ndi kuphika zinapita kwa akuluakulu. Anagwirizananso ndi mayi woyandikana nawo kuti chikachitika chilichonse masana adzatumiza uthenga kusukulu, kuti mwanayo asamakhale m'kalasi mtima uli kunyumba. Kuchokera apo kujomba kunatsika.

Kalendala yomweyo ndi imene inaulula vuto lachiwiri. Patatha miyezi iwiri osagwa, mayiyo anaona kuti wachira ndipo anasiya kumwa, osauza aliyense. Mnyamatayo anaona mapiritsi sakuchepa ndipo anauza wophunzirayo, koma tisanafike n'komwe mayiyo anagwa m'bandakucha, kugwa kwakutali kuposa konse. Kusiya mankhwala a khunyu mwadzidzidzi kumachita zimenezi, ndipo kungathe kupha. Amayi aang'ono analipo usiku umenewo. Anamugoneka chammbali, mnyamatayo anayang'ana nthawi, ndipo mphindi 5 zitakwana anadzutsa oyandikana nawo n'kupita naye kuchipatala, komwe anagonekedwa.

Tinabwereranso ku malire tinalemba aja. Palibe mwana anavulala, wamkulu analipo, ndipo mayiyo sanakane chipatala. Pulani inagwira pa tsiku lomwe inapangidwira. Choncho chigamulo sichinasinthe, koma tinawonjezera kuti mng'ono wake akhale komweko mpaka adokotala atamuonanso. Wophunzirayo anafuna kukawakumbutsa mayiwo za lonjezo lawo. Ndinamuuza kuti ayambe wafunsa chomwe chinawasiyitsa. Mayiyo anati mankhwala amamugonetsa masana, ndipo piritsi lililonse limamukumbutsa kuti ndi wodwala. Choyambacho chinapita kwa adokotala. Chachiwiricho chinali chathu, ndipo chinatenga maulendo angapo a kungokhala naye n'kumvetsera.

Kupitirira banja limodzi

Ndinapempha wophunzirayo kuti aunike makalata ena ochokera kusukulu omwe anali m'mafayilo athu, n'kuona ngati kumbuyo kwa kujomba kunali wodwala kunyumba. Anapezamo ena. Analemba kalata yaifupi kwa ahedi yopempha kuti mwana asanatumizidwe kwa ife ngati wojomba, mphunzitsi ayambe wamufunsa ngati pali yemwe akumusamalira kunyumba. Sukulu inavomera, ndipo inalolanso namwino uja kudzalankhula ndi aphunzitsi ndi ana za khunyu, osatchula banja lililonse. Za kutha kwa mankhwala tinalembera oyang'anira chipatala, kufotokoza mmene piritsi losowa pa shelefu limafikira kukhala mpando wopanda munthu m'kalasi. Anatiyankha mwaulemu kuti vutolo limachokera pamwamba pawo, ndipo silinathe. Ndinafuna kuti wophunzirayo aone zonse ziwiri: kuti kulembera akuluakulu ndi mbali ya ntchito yomweyi, osati ya anthu ena, komanso kuti kalata imodzi sisintha kagulidwe ka mankhwala.

Kwa oyang'anira anzanga ndinganene chimodzi. Pa nkhani ngati iyi n'kosavuta kuilanda m'manja mwa wophunzira chiopsezo chikangooneka. Ine ndinapita nawo kunyumbako pa nthawi ziwiri zokha zomwe udindo unali wanga, poika pulani ya chitetezo ndi pambuyo pa kugonekedwa m'chipatala. Zina zonse anachita yekha, ine ndikuwerenga zolemba zake ndi kumufunsa kuti asiyanitse zomwe anaona, zomwe anauzidwa ndi zomwe akuganiza. Zolemba zake zoyamba zinkati "mayi sakusamala za maphunziro a mwana." Zomaliza zinkati "mayi anati sanadziwe kuti sukulu inalemba kalata."

Kutseka nkhani

Nthawi ya wophunzirayo itatsala pang'ono kutha, anakumbutsa banjali zomwe ananena pachiyambi, ndipo anabwera ndi wogwira ntchito wa pa ofesi yemwe adzapitirize, kuti adziwane iye akadalipo. Tinayeza zotsatira ndi zinthu zomwe tinayamba nazo: kaundula, kalendala, ndi mawu a eni ake. Teremu yomaliza mnyamatayo anajomba masiku ochepa, ambiri mwa iwo pa nthawi yomwe amayi ake anali m'chipatala. Ndewu sinachitikenso. Anali ataphonya zambiri moti anabwereza kalasi, zomwe zinamupweteka ndipo anatiuza poyera. Mayiyo akugwabe, koma mwa kamodzikamodzi, ndipo wabwerera kumapemphero. Mng'ono wake tsopano amabwera ndi ana ake. Bambo wa anawo tinawalembera ndipo sanayankhe. Mankhwala anathanso kamodzi kuchipatala nkhaniyi isanatsekedwe, ndipo ulendo uno mayiyo sanagawe mapiritsi, anadziwitsa namwino, yemwe anamulozera kwina kokawapeza.

Fayilo tinaitsitsa kuchoka pa nkhani zoyendera sabata iliyonse kupita pa zoyendera miyezi itatu iliyonse. Wogwira ntchito watsopanoyo tinamulembera zinthu ziwiri zoti aziyang'ana: ngati mayiyo angasiyenso mankhwala akakhala nthawi osagwa, ndi mtsikana wa zaka 6 uja, yemwe pa ulendo womaliza anapezeka akutsuka mbale ndi kuyang'anira mng'ono wake mchimwene wake ali kusukulu.